Blantyre ikuyenda wapansi: phazi likawawa tizipita kwa ndani?

Aliyense wodzuka m'mamawa mu Blantyre muno akudziwa kuti pofika 5 koloko misewu imakhala itadzaza kale, osati ndi magalimoto koma ndi anthu. Ochokera ku Ndirande akutsikira ku Ginnery Corner, a ku Bangwe akulowera ku Limbe, a ku Chilobwe ndi Zingwangwa akukwera kupita m'tauni. Chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuphatikiza kusowasowa kwa mafuta, minibasi yasanduka ya pa mwezi ukatha. Nsapato za pa kaunjika nazo zinakwera, ndiye ambiri akupondabe zomwe zinatha kale kunsi, ena mapatapata basi.

Mtengo wa zonsezi akulipira ndi mapazi. Ma gadi, mavenda, amayi a m'misika, anyamata a m'mashopu a ku Limbe amene amaima tsiku lonse, onsewa akafika kunyumba nyimbo ndi imodzi: "mapazi akuwawa." Koma popeza aliyense akudandaula chimodzimodzi, taziona ngati si matenda. Apa ndiye pali ngozi, chifukwa pakati pa mapazi otopa pabisala mapazi odwala, ndipo ena mwa iwo amathera kudulidwa.

Tiyambe ndi ululu womwe suopsa kwenikweni. Ngati chidendene chimabaya mukangoponda pansi podzuka, kenako n'kumachepa mukayendako pang'ono, kawirikawiri ndi mtsempha wa kunsi kwa phazi womwe watopa ndi kuima kapena kuyenda kwambiri. Umenewu umatha, ngakhale umatenga miyezi. Chothandiza ndi nsapato yofewa mkati, kuwongola katumba potsamira khoma, ndi kugubuduza botolo la madzi ozizira kunsi kwa phazi madzulo. Ming'alu ya m'chilimwe imamvera Vaseline, linyetsu la nthawi ya mvula limafuna kuumitsa bwino pakati pa zala ndi mankhwala opaka a ku famase. Koma milungu iwiri kapena itatu ikatha osasintha, kapimitseni.

Chomwe ambiri tikuchita ndi kugula Brufen kapena Indocid pa okala n'kumamwa tsiku ndi tsiku ngati mtedza. Ululu umachepadi, koma mankhwala amenewa akamwedwa nthawi yaitali amabweretsa zilonda za m'mimba ndipo amawononga impso. Komanso amangotseka pakamwa phazi lomwe likufuna kukuuzani kanthu.

Tsono pali zizindikiro zomwe sizifuna kudikira malipiro. Mwagwa pa kabaza kapena mwabinya, ndipo simungathe kuponda n'kuyenda masitepe anayi: pafunika X-ray, osati kukokedwa ndi anzanu a pa bawo. Mwaponda msomali: pitani tsiku lomwelo, kafumbata sachedwa. Phazi latupa, lafiira, likutentha, thupi nalo latentha. Chala chayamba kuda kapena bala likununkha. Mwendo umodzi watupa ndipo katumba akuwawa, zomwe zingakhale magazi oundana mu mtsempha. Mapazi onse awiri akatupa vuto lingakhale mtima kapena impso, ndipo kwa mayi woyembekezera ndi nkhani ya BP yofunika kusikelo msanga.

Koma phazi loopsa kuposa onse ndi lomwe silikuwawa n'komwe. Matenda a shuga amapha pang'onopang'ono mitsempha ya kumapazi. Zimayamba ndi dzanzi, kuyaka ngati moto usiku, kapena kumva ngati mwavala sokosi musanavale. Kenako munthu samvanso kanthu. Kamwala kalowa mu nsapato ku Chirimba, iye wafika nako m'tauni osadziwa. Thuza laphulika, bala layamba, ndipo poti magazi sakuyenda bwino, silipola. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa 2009 anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 6 mwa 100 alionse m'Malawi ali ndi shuga, ndipo ambiri sadziwa. Kwa munthu wa shuga lamulo ndi limodzi: bala lililonse la kuphazi, ngakhale laling'ono bwanji, lionedwe ndi achipatala pasanathe tsiku.

Dzanzi silibwera ndi shuga yekha ayi. Mowa wambiri, makamaka kachasu, umachitanso zomwezo. Mankhwala a TB a isoniazid nawo amatero, n'chifukwa chake amaperekera limodzi vitamini B6. Amene anayamba ma ARV kalekale, nthawi ya stavudine, ena adakali ndi vutoli ngakhale mankhwalawo anasinthidwa. Ndipo khate silinatheretu m'dziko muno. Zonsezi zili ndi chithandizo ngati munthu wafika msanga.

Chomwe chimachedwetsa anthu tikuchidziwa, tisanamizane. Phazi likatupa popanda chifukwa chooneka, mawu oyamba amakhala akuti "mwaponda mankhwala, wina wakutcherani." Ulendo wa kwa asing'anga, kutema mphini ndi lezala, kupaka zakuda. Chikhulupiriro ndi cha munthu mwini, koma pa phazi la munthu wa shuga mphini iliyonse ndi bala latsopano. Kuyezetsa shuga ndi kubaya kachala kamodzi kokha, mphindi zosakwana zisanu. Bwanji osayamba ndi kumeneko?

Nanga dokotala wa mapazi ali kuti? Ku Johannesburg kapena ku London kuli akatswiri oona za mapazi okhaokha. Kuno munthu wamba sangawerengere zimenezo. Amene tili nawo ndi ma clinical officer a za mafupa, omwe maphunziro awo anayamba mu 1985 ndipo ndiwo akusenza ntchito yaikulu ya mafupa m'zipatala za boma. Khomo loyamba ndi health centre ya kwanu, kaya ku Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Bangwe kapena Chilomoni. Iwowo akaona kuti zakula amakutumizani ku Queens, komwe kuli kiliniki ya shuga, madokotala a mafupa ndi a mafizo. Mwana wobadwa ndi mapazi opindika asabisidwe m'nyumba: ku Beit CURE, chipatala chomwe chinatsegulidwa mu 2002, amawongola ndi pulasitala wosinthidwa mlungu ndi mlungu, ndipo zimayenda bwino mwana akayamba ali wakhanda. A ku Lilongwe ali ndi LION pa Kamuzu Central.

Vuto ndi loti Blantyre, mzinda wonsewu, ilibe chipatala chachikulu cha boma pakati pa health centre ndi Queens monga maboma ena alili nacho. Ndiye mizere ndi yaitali, ndipo venda akaganiza zotaya tsiku lonse la geni amasankha Brufen. Pomwe akufika kuchipatala, bala lafika pafupa. Bambo wodyetsa banja akadulidwa mwendo, si iye yekha wagwa: fizi yaima, lendi yaima.

Pali zinthu zosafuna ndalama za mabungwe akunja. Aliyense wa shuga akapita kukatenga mankhwala azivula nsapato pamaso pa adokotala, ngakhale asanauzidwe. Kuona phazi ndi mphindi imodzi. Makhansala athu, pokamba za misewu, azikumbukira kuti ovota ambiri alibe galimoto: ngalande zosavundikira ndi zitsulo zotulukira m'mbali mwa msewu zikuvulaza anthu oyenda kusanache. Mabwana olemba ma gadi ndi ogulitsa m'mashopu, kampando kamodzi ndi nsapato ya saizi yake sizingagwetse kampani.

Kunyumba nako, ngati muli ndi amayi, abambo kapena agogo a shuga, muziwaona kunsi kwa mapazi madzulo alionse, chifukwa iwo maso mwina safikako. Asayende opanda nsapato, asawothe mapazi pa mbaula nthawi yozizira, asadule zikhadabo kapena zikundu ndi lezala, ndipo azikutumula nsapato asanavale. Mukaona thuza, mng'alu wotuluka madzi kapena chala chosintha mtundu, mawa lake m'mamawa ndalama ya minibasi ipezeke ndithu.