Amene akuti tisamale nthaka si adani a mlimi

Pali uthenga umene wazungulira mokwanira. Wadutsa m'magulu a WhatsApp a mipingo, a mabanja ndi a makalabu a alimi, wamveka m'mapologalamu a pa wailesi oimba foni, ndipo owerenga athu ena atifunsa ngati tikugwirizana nawo. Mawu ake amasinthasintha koma mfundo ndi yomweyo. Akuti anthu amene amalalikira za manyowa, mitengo ndi kusamala chilengedwe ndi okhuta a m'tauni, odya ndalama za azungu, amene khasu amangoliona pa chithunzi. Akuti cholinga chawo n'chakuti Mmalawi asiye feteleza, akolole zochepa, azipempha mpaka kalekale. Mlimi, akutero uthengawo, akufuna thumba la feteleza wotsika mtengo basi, zinazo ndi nyimbo. Kumapeto amaikapo dzina la Sri Lanka kuti nkhani itsekedwe.

Ife sitikugwirizana nawo, ngakhale kuti mu uthengawo muli zina zoona zimene sitizemba.

N'zoona kuti alipo anthu amene chilengedwe anachisandutsa munda wawo wa maalawansi. Amakumana m'mahotela a kunyanja, kukambirana za mlimi amene sanamuitane, kubzala mitengo tsiku limodzi pamaso pa makamera, osabwereranso kukaona ngati yaphuka. Za Sri Lanka nazonso zinachitikadi. Mu April 2021 Pulezidenti Gotabaya Rajapaksa analetsa mwadzidzidzi kuitanitsa feteleza wa kufakitale, zokolola za mpunga zinatsika, ndipo pofika November chaka chomwecho boma linayamba kubweza lamulolo. Kumeneko kunali kulamula kwa munthu wa mu ofesi, usiku umodzi, popanda kufunsa mlimi. Palibe mtsogoleri wa alimi kuno kwathu amene tamumva akupempha zotero.

Ndiponso kukayikira kwa Mmalawi akamva mawu oti "kusamala nthaka" kuli ndi mizu yake. Agogo athu akukumbukira malimidwe a nthawi ya atsamunda, pamene munthu ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa chifukwa cha mizere ndi migula. Mu 1953 Inkosi ya Makosi Philip Gomani II ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulowo potsutsa chitaganya, ndipo boma la atsamunda linaichotsa pampando. Amene anakwapulidwa m'dzina la nthaka sangadabwitse akamayang'ana mwa m'mbali munthu wobwera ndi nkhani yomweyo. Chilonda chimenecho tikuchidziwa.

Koma tiyeni tione thumba lija. Ndondomeko ya makuponi inayamba mu 2005 pansi pa Bingu wa Mutharika, ndipo zaka zoyambazo chimanga chinachulukadi. Mu 2020 inabwera ndondomeko ina yotchedwa AIP, thumba lili pa K4,495, mabanja oposa mamiliyoni atatu ndi theka akupindula. Pofika 2022 thumba lomwelo linali pa K15,000, ndipo mu 2023 opindula anatsika kufika pa 1.5 miliyoni. Pakatipa panali nkhondo ya ku Ukraine imene inakweza mitengo ya feteleza pa dziko lonse, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kenako thumba la m'sitolo linadutsa K100,000. Feteleza wathu pafupifupi yense amachokera kunja, amalowa kudzera m'madoko ngati Beira ndi Nacala, amagulidwa ndi madola amene dziko lino lilibe okwanira. Ndiye funso n'lakuti: mabanja mamiliyoni amene mayina awo sanatuluke pa mndandanda achite chiyani? Akhale pakhonde kudikira chaka chamawa? Uthenga uja sukuwayankha. Amene akuwayankha ndi omwe akunyozedwawo.

Ngakhale amene thumba walipeza ali ndi dandaulo limene aliyense wolima amalidziwa: feteleza yemweyo sakugwiranso ngati kale. Munda umene wadya chimanga chokhachokha zaka makumi, mapesi ake akuwotchedwa chaka ndi chaka posaka mbewa, umatsala mchenga wopanda mphamvu yosunga madzi kapena chakudya cha mbewu. Mukathira feteleza, mvula yoyamba yamphamvu imamutenga. Kaufiti amamera. Kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi nthambi za United Nations, kuphatikizapo FAO, anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka. Dothi limenelo ndi lomwe limakadzaza mu Shire n'kumavutitsa makina a magetsi pa Nkula. Munthu wonena kuti tiyambe takonza nthaka akuteteza ndalama zomwe mlimi waika mu thumba lija.

Tsopano za "okhuta a m'tauni". Pitani ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chipatala cha mishoni cha kumeneko chinkalandira ana ambiri onyentchera. Namwino wina, Mayi Esther Lupafya, pamodzi ndi Rachel Bezner Kerr, amene panthawiyo anali wophunzira wochokera ku Canada, anayamba kufunsa makolo a anawo chimene chikuchitika kumudzi. Mayankho anali ofanana: nthaka yatha, feteleza wadula, m'nkhokwe muli chimanga chochepa, ndiwo palibe. Mu 2000 munabadwa ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities. Inde, munali mzungu, sitibisa. Koma amene ankayesa njira zosiyanasiyana m'minda, kuyerekeza zokolola ndi kuphunzitsa anzawo anali alimi a m'midzi momwemo, osankhidwa ndi anzawo.

Chomwe ankayesa si chachilendo. Nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chotsatira chimanga pamalo pomwepo. Soya, khobwe, kalongonda. Zotsalira za mbewu kuzikwirira m'malo moziwotcha. Amene akukayika azule mtedza umodzi uli wauwisi ayang'ane ku mizu. Aona tizotupa ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo akaswa kamodzi apeza m'kati muli mofiirira. Mmenemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakoka nayitirojeni mumpweya, chakudya chomwecho chimene timagula m'thumba la urea. Nandolo amawonjezera zake: muzu wake umaboola pansi polimba pamene khasu silifika, masamba ake amayoyokera m'munda, amacha m'chilimwe pamene ndiwo zasowa, ndipo mitengo yake mayi amakolezera moto osapita kuphiri.

Chimene chimatikopa pa nkhani ya ku Ekwendeni n'chakuti anthuwo sanalekere kumunda. Anaona kuti mtedza ukhoza kuchuluka m'nyumba mwana n'kumanyentcherabe, chifukwa bambo wagulitsa wonse n'kukamwera, kapena chifukwa mayi ali ndi ntchito zambiri moti nthawi yophikira mwana phala lotsira nsinjiro palibe, kapena chifukwa agogo akuti mwana wakhanda ayambe phala lamadzi msanga. Ndiye anayambitsa masiku ophika pamodzi, amuna n'kumagwira nawo mthiko pamaso pa mudzi wonse, agogo n'kumakhala nawo pa zokambirana. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011 anasonyeza kuti ana a m'midzi imene inakhala nthawi yaitali mu ntchitoyi ankakula bwino kuposa kale. Mmodzi wa alimi a kumeneko, Mayi Anita Chitaya, anafika mpaka ku America kukalankhula ndi alimi ndi andale za kusintha kwa nyengo, ulendo umene unajambulidwa mu filimu ya The Ants and the Grasshopper ya mu 2021. Ngati ameneyu ndi wokhuta wa m'tauni, ndiye kuti mawuwo ataya tanthauzo.

Sitikunena kuti njirazi n'zopanda minga. Kukwirira mapesi ndi ntchito yowawa. Manyowa amafuna ziweto, ndipo ambiri alibe. Nandolo amakhala m'munda pamene anthu amasula mbuzi, choncho popanda lamulo la mfumu mlimi amalimira ziweto za eni. Msika nawonso umapweteka: mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo unagwa ndipo alimi a kuno analira. Nthaka yotheratu siibwerera m'chaka chimodzi. Amene amauza mlimi kuti ataye feteleza lero, mawa akolola ngolo, akumunamiza, ndipo ifenso timutsutsa pa tsamba lomwe lino.

Koma alimi enieniwo sakangana za "manyowa kapena feteleza" ngati mmene amakanganirana a pa foni. Iwo amasakaniza. Taonani manyowa a Mbeya amene afala m'midzi zaka zapitazi: madeya, phulusa, ndowe, feteleza pang'ono ndi madzi, kumanga m'thumba losalowa mpweya, kudikira masiku 21. Thumba limodzi logula limatambasuka kukwanira munda waukulu. Mphamvu yake siifanana ndi ya feteleza wosasakaniza, koma kwa amene anali ndi ndalama ya theka la thumba, n'kusiyana kwa kudya ndi kugona ndi njala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Taonaninso msangu, mtengo umene alimi a ku Salima, ku Mangochi ndi m'chigwa cha Bwanje akhala akuusiya m'munda kuyambira makolo. Umagwetsa masamba nthawi ya dzinja, pamene mitengo ina ikuphuka, choncho suphimba chimanga, ndipo pansi pake chimanga chimabiriwira kuposa cha pambali. Palibe bungwe limene linabwera nawo pa ndege. Akatswiri a zaulimi anachita kuuphunzira kwa alimi.

Kunyanja nkhani ndi yomweyo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, kuti nsomba ziswane. Pali malamulo a zida zophera nsomba, pali chilango kwa ophwanya, ndipo chilumbacho chimatsegulidwa ndi mwambo. Pamene madoko ena akudandaula kuti nsomba zatha, asodzi amapitabe ku Mbenji kukapha utaka. Lamulo limenelo linakhazikitsidwa ndi mfumu, dziko lino lisanalandire ufulu, mawu oti "chilengedwe" asanalowe m'mafomu a mabungwe.

Alipo ndithu a m'tauni, ophunzira, ogwira ntchito m'mabungwe olandira thandizo lakunja. Kodi zimenezo zokha ndi mlandu? Gloria Majiga-Kamoto ankagwira ntchito ku bungwe la CEPA ku Blantyre pamene alimi anayamba kudandaula kuti mbuzi zawo zikufa chifukwa chodya majumbo. Boma linali litaletsa kale mapepala a pulasitiki opyapyala mu 2015, koma makampani opanga anatenga chiletso kukhoti, lamulo n'kugona. Iye ndi anzake anasonkhanitsa anthu, anayenda m'misewu, anakakamira mpaka khoti lalikulu la apilo linagamula mu July 2019 kuti lamulolo ligwire ntchito. Mu 2021 analandira mphoto ya Goldman, imene imaperekedwa kwa omenyera chilengedwe pa dziko lonse. Mbali inayo kunali eni mafakitale ndi maloya awo. Tiuzeni, pa mkangano umenewo, ndani anali kumbali ya mayi wa mbuzi ziwiri?

Uthenga uja ukuti nkhani za chilengedwe ndi za anthu okhuta. Anthu a ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, angauyankhe bwino kuposa ife. Namondwe wa Freddy atafika mu March 2023, matope ndi miyala zinatsika usiku, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Mvula inali yoopsa, mwina ngakhale nkhalango yowirira sikanaletsa zonse, koma mapiri ometedwa anapereka njira. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, ndipo mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. M'chaka chotero feteleza amakhala m'dothi louma, ndalama zapita. Munda wophimbidwa ndi mapesi umasunga chinyezi masiku owonjezera, ndipo amene anadzalako nandolo, chinangwa, mbatata kapena mapira amakhala ndi poyambira. Okhuta aja mvula ikavuta amagula ufa m'sitolo. Amene amalipira nthaka ikafa ndi wosauka.

Pempho lathu likupita mbali zitatu, ndipo si lofanana kulemera. Kwa boma ndiye kwakukulu: ndalama za ulimi zisamathere m'thumba la feteleza lokha pamene mlangizi mmodzi akuyang'anira midzi yosawerengeka pa njinga yakapalasa, ndipo mbewu ya nandolo, mtedza ndi soya ikusowa nthawi yodzala. Kwa mabungwe, tulukani m'mahotela, ndalama za misonkhano zigule mbewu ndi mbuzi, ndipo mubwerere kukawerenga mitengo imene munabzala chaka chatha.

Kwa inu owerenga, uthengawo ukakufikaninso musafulumire kuutumiza kwa ena. Funsani amene wakutumizirani kuti banja lomwe silinalandire feteleza wotsika mtengo chaka chino lichite chiyani. Akasowa yankho, kafunseni mlimi wachitsanzo wa m'mudzi mwanu, akakuonetseni munda wake mvula isanagwe.