Musanameze Piriton wina, phunzirani kaye kugona

Asisi, 2 koloko usiku, nyumba yonse ili zii, inu maso ali gwa. Ikamati 5 koloko muyenera kudzuka, kutereka madzi, kuthamangira minibasi. Ambirife timazidziwa izi, ndipo mapeto ake timameza Piriton kapena diazepam wopempha kwa mnzathu. Ife tikuti mapiritsi asakhale poyambira. Njira ina ilipo, ndipo mutha kuiphunzira nokha pa foni.

Madokotala amati kusowa tulo kwasanduka matenda kukamachitika masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, mpaka kumakusokonezani masana. Vutoli limagwira akazi kwambiri kuposa amuna. Chithandizo chake chimatchedwa CBT-I: kusintha zizolowezi ndi maganizo amene amathawitsa tulo. Mu 2016, bungwe la madokotala la American College of Physicians linati munthu wamkulu wosowa tulo aziyamba ndi chimenechi, osati mankhwala. Mu 2022, bungwe la NICE ku Britain linavomereza Sleepio, maphunziro a pa intaneti a masabata 6, kuti azigwiritsidwa ntchito m'malo mwa mapiritsi ogonetsa. Palinso Insomnia Coach, app yaulere yopangidwa ndi nthambi ya boma la America yoona za asilikali opuma.

Nanga amaphunzitsa chiyani? Choyamba, kulemba m'mawa uliwonse nthawi imene munakwera pabedi, imene tulo tinabwera, ndi kangati munadzidzimuka. Chachiwiri, kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, Lamulungu lomwe. Chachitatu, bedi si la TikTok kapena lowerengerapo ngongole. Pakatha mphindi ngati 20 tulo tisanabwere, dzukani, khalani pena, mubwerere maso akalemera. Chovuta kwambiri n'chakuti ngati mumakhala pabedi maola 9 koma mumagona 6 okha, mumayamba n'kukhalapo maola 6 basi, kenako n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Masiku oyamba amawawa, sitikunamizani. Koma ubongo umasiya kuona bedi ngati malo olimbana ndi maganizo, ndipo luso limeneli limakhala lanu ngakhale maphunziro atatha. Diazepam, thupi limamuzolowera, kenako kugona popanda iye kumavuta.

Tikudziwa kuti ma app amenewa sanapangidwe poganizira mtsikana wa ku Ndirande kapena ku Area 25. Ali m'Chingerezi, amafuna bandulo, ndipo amatenga ngati aliyense ali ndi chipinda china chothawirako usiku. Ngati mumakhala chipinda chimodzi ndi m'bale wanu, mpando kapena mphasa pambali pa bedi ndi zokwanira. App muziitsegula masana kapena chakumadzulo. Usiku foni izigona patali, chifukwa kungoti "ndione WhatsApp pang'ono" ndi kumene kumatifikitsa 3 koloko.

Chenjezo lilipo. Ngati muli ndi khunyu kapena bipolar, ndinu oyembekezera, kapena ntchito yanu ndi yoyendetsa galimoto, musachepetse maola apabedi musanaonane ndi achipatala. Ngati mumaliza mkonono n'kumabanika kutulo, limenelo ndi vuto lina lofunika kupimidwa. Ngati mwamwa diazepam kwa nthawi yaitali, musasiye mwadzidzidzi, adokotala ndiwo akuthandizeni kuchepetsa. Ngati kusowa tuloko kwabwera ndi kukhumudwa kosatha kapena maganizo ofuna kudzipha, pitani kuchipatala lero lomwe. A St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ndipo ngati mukugona khutu lili kuchitseko poopa munthu amene mumakhala naye, palibe app imene ingachize zimenezo. Pitani ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo muuze munthu amene mumamukhulupirira.

Kwa enafe, poyambira pake sipafuna ndalama. Pezani kope lakale ndi cholembera, musankhe nthawi yanu yodzukira, ndipo mawa m'mawa mulembe mmene mwagonera. Chitani zimenezi sabata yathunthu musanasinthe china chilichonse.