Tisanyamuke ndi tiyi yekha m'mimba

Asisi, lero tikambe za m'mawa. Alamu yalira 5 koloko, kunja kudakali mdima. Tasonkha mbaula, tateleka madzi osamba, tasita yunifolomu ya mwana kapena ya mng'ono wathu, tamuikira kachakudya ka kusukulu, tasesa pakhomo. Ikamati 6:30 tili kale pa siteji ku Area 25, ku Chinsapo, ku Bangwe kapena ku Machinjiri, kulimbirana minibasi kuti 7:30 itipeze pantchito kapena m'kalasi. M'nyumbamo aliyense wadya. Nanga ife? Tamwa theka la kapu ya tiyi choimirira, nsapato ina ili m'manja.

Zotsatira zake timazidziwa tonse. Pofika 10 koloko m'mimba mwayamba kulira, mutu ukuwawa, zimene abwana kapena aphunzitsi akunena sizikulowa. Timathamangira kwa amayi a mandasi pageti paja: mandasi atatu ndi botolo la chakumwa chozizira. Masana njala yabweranso ndi ukali, ndiye ulendo wa pachiwaya, tchipisi chodzadza jumbo. Pakutha pa miyezi ingapo siketi ija yayamba kuthina, ife n'kumadabwa kuti, "Koma inetu sindidya m'mawa, thupili likuchokera kuti?"

Ife tikuti kunyamuka ndi njala si njira yosamalira thupi. Kadzutsa wokhutitsa, wachangu komanso wosanenepetsa alipo, ndipo safuna supamaketi. Ali pamsika pompo, mwina ali kale m'khitchini mwathu. Chimene chimatipusitsa n'chakuti timaopa zakudya zolakwika. Timathawa mbatata ati imanenepetsa, koma shuga timathira masupuni atatu osawerenga n'komwe.

Tiwerengere limodzi. Makalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi, ndipo mkazi wamkulu amafuna pafupifupi 2,000 patsiku, kutengera msinkhu ndi ntchito imene amagwira. Kadzutsa wa makalori 300 mpaka 400 ndi wokwanira kwa ambiri a ife. Galamu imodzi ya mafuta imakhala ndi makalori 9, pamene galamu ya zokhutitsa kapena ya mapuloteni ili ndi 4 basi. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi makalori pafupifupi 120. N'chifukwa chake chilichonse chosambira m'mafuta, kaya mandasi, zitumbuwa, tchipisi kapena chinangwa chokazinga, chimalemera makalori ngakhale chioneke chochepa m'manja. Pomwe mbatata yophika m'madzi yolemera magalamu 100 ili ndi makalori pafupifupi 80 okha. Dzira limodzi lowiritsa lili ndi pafupifupi 75, kuphatikizapo magalamu 6 a mapuloteni.

Ndiye pali shuga. Kasupuni kamodzi ka tiyi ndi makalori 16. Zochepa, eti? Koma makapu atatu a tiyi patsiku, iliyonse masupuni atatu, ndi masupuni 9. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti shuga wothira asafike pa 10 peresenti ya mphamvu zimene timadya patsiku, ndipo linati n'kwabwino koposa kutsika mpaka 5 peresenti, omwe ndi magalamu pafupifupi 25, kapena tinene masupuni ang'onoang'ono 6. Botolo limodzi la chakumwa chagasi chotsekemera limapitirira kale muyeso umenewo palokha. Ndipo choipa cha makalori akumwa n'chakuti mimba siwawerengera. Umamwa, pakapita ola njala ili pomwepo.

Chimene chimagwira mimba mpaka masana ndi zinthu ziwiri: mapuloteni, omwe timawapeza m'mazira, nyemba, soya, mtedza, usipa ndi mkaka, komanso fayiba, amene amapezeka m'gaga wa chimanga, m'mbatata, m'masamba ndi m'zipatso. Zimenezi zimagayika pang'onopang'ono, choncho njala imachedwa kubwera. Buledi woyera wopaka majarini ndi tiyi wotsekemera amalowa msanga, amathanso msanga. Lamulo lathu n'losavuta: chokhutitsa chimodzi chosakazinga, chomanga thupi chimodzi, ndi chipatso kapena masamba. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja timaphunzitsidwa kusikelo ndi kusukulu, atatu takwanitsa dzuwa lisanakwere.

Tiyambe ndi mbatata ndi dzira. Mbatata iphikidwe usiku, pamoto womwe watsala tikaphula nsima, osasenda. Isiyidwe yovundikira pamalo ozizira. M'mawa, madzi osamba akaphulidwa, tiike kapoto ka dzira pambaula pomwepo. Mphindi 10 zokha, nthawi yomwe tikusamba, dzira lapsa. Mbatata ya magalamu 200, dzira limodzi ndi tiyi wa supuni imodzi ya shuga sizifika makalori 300, koma munthu umafika nazo 12 koloko uli bwinobwino. Tikapeza mbatata yofiira m'kati ija, monga Kadyaubwerere kapena Zondeni, ndiye tapha mbalame zambiri, chifukwa imeneyo imapatsa thupi vitamini A. Nyengo ya maungu, maungu owiritsa alowe m'malo mwa mbatata, makalori ake ndi ochepa kuposa pamenepo.

Chachiwiri ndi phala, koma la mgaiwa, osati la ufa woyera. Ufa woyera unachotsedwa gaga ndi mtima wa chimanga pokonola ndi poviika, pomwe mu mgaiwa zonse zilimo. Tithiremo supuni imodzi ya nsinjiro kapena ufa wa soya, timchere pang'ono, ndipo m'malo mwa shuga wambiri tidulemo nthochi yakupsa. Ufa wosakaniza chimanga ndi soya ngati wa Likuni Phala si wa ana okha, nafenso umatiyenera. Wa mawere kapena mapira nawonso ndi wabwino zedi. Phala limapsa pa mphindi 15, ndipo nthawi ikatithera tilithire mufulasiki, tikamwere kuofesi. Chenjezo lili pa nsinjiro: mtedza ndi chakudya chabwino koma cholemera, magalamu 100 ali ndi makalori oposa 550. Supuni imodzi yakwana, osati dzanja lonse.

Chachitatu sichifuna moto n'komwe, n'cha masiku amene magetsi azima ndipo makala atha. Kapu ya chambiko kapena yogati yosatsekemera, nthochi imodzi yapakatikati yomwe ili ndi makalori pafupifupi 100, kapena chidutswa cha papaya, n'kuwazapo mtedza wokazinga wochepa. Mphindi zitatu, tatha. Amene thumba likulola kugula oats angathe kuviika masupuni anayi mu chambiko usiku n'kusiya mufiriji, m'mawa n'kungodya. Koma tisanamizane kuti popanda oats palibe kadzutsa wabwino. Mgaiwa wa kuchigayo ukugwira ntchito yomweyo pamtengo wotsika.

Chachinayi ndi ndiwo za dzulo. Anatiuza ndani kuti nyemba sizidyedwa m'mawa? Kambale ka nyemba, khobwe kapena nandolo zotsala, kutenthetsa mpaka zibwate bwinobwino, kudyera kachidutswa ka mbatata kapena silayisi imodzi ya buledi wabulauni, mimba imakhala chete mpaka masana. Chimodzimodzi masamba: mpiru, bonongwe kapena chisoso chotsala, kuswerapo dzira mupani wongopaka timafuta, ndi tomato mmodzi. Mphindi zisanu sizikwana. Kungoti ndiwo zogona zisungidwe bwino, makamaka miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Zikasintha fungo, zitayidwe, osaumira.

Chachisanu n'cha tsiku lija tadzuka mochedwa, kondakitala akuitanira kale. M'chikwama muponyedwe dzira lowiritsa, magwafa awiri kapena nthochi, ndi timtedza tomanga papepala. Nyengo ya mondokwa, chimanga chophika chimodzi ndi dzira n'chakudya chathunthu. Nyengo ya mapeyala, tipake peyala pa buledi m'malo mwa majarini, koma mapeyala athu aakuluakulu aja, chigawo chimodzi mwa zinayi chakwana, chifukwa nawonso ali ndi mafuta ambiri. Amene tili ndi firiji yodalirika tingathe kuwiritsa mazira angapo Lamlungu madzulo, amakhala mpaka sabata osasenda. Ngati magetsi akuvuta, tiwiritse la tsiku lomwelo.

Pa nkhani ya tiyi pali china choti tidziwe. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi a zaka 15 mpaka 49, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Ife timataya magazi mwezi ndi mwezi, choncho timafuna ayironi wambiri kuposa abambo. Tiyi ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, pomwe vitamini C wa m'magwafa, malalanje, manachesi, papaya ndi malambe amathandiza. Ndiye ngati timamva chizungulire kawirikawiri, tiyi timwe patapita ola titadya, pachakudyapo pakhale chipatso, ndipo tipite kuchipatala akatiyeze magazi. Shuga naye tisamusiye mwadzidzidzi, tingakhumudwe n'kubwerera. Sabata ino masupuni awiri, sabata ya mawa imodzi ndi theka. Pang'onopang'ono ndi mtolo, lilime limazolowera.

Tikudziwa wina anena kuti, "Ine ndimachita fasting, ndimayamba kudya 12 koloko, ndipo zikundiyendera." Chabwino. Alipo ndithu amene m'mawa samva njala, ndipo munthu wamkulu wathanzi amene wasankha yekha ndondomeko yake, akuitsatira osanjenjemera, sitikukangana naye. Koma tinene zoona, ambiri a ife sitinasankhe. Nthawi inathera pa ena, chakudya chinathera pa ena, kenako njalayo tikuipatsa dzina lachizungu kuti imveke bwino. Kuyesa kwake n'kosavuta: ngati 10 koloko ikutipeza tili pamzere wa mandasi, imeneyo si fasting, ndi njala chabe. Ndipo amene ali oyembekezera, oyamwitsa, odwala shuga kapena akumwa mankhwala ofuna chakudya m'mimba, asadzimane chakudya asanafunse adokotala.

Wina ati zinthu zadula, dzira lenilenilo lakwera. Zoona, sitikutsutsa. Koma aliyense awerengere yekha ndalama ya mandasi atatu ndi botolo la chakumwa tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lachisanu, ayerekeze ndi mulu wa mbatata ndi mazira asanu. Dzira likakanika, nyemba zilipo, soya alipo, nsinjiro zilipo, bonya alipo. Chodula kwenikweni ndi timapaketi ta tiyi wochepetsa mimba timene tadzaza pa WhatsApp ndi pa TikTok. Ambiri mwa matiyi otere amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimene chimatsika pasikelo ndi madzi, mafuta ali pomwepo, ndalama yapita.

Mwina wina akudabwa kuti bwanji ife tikukamba za makalori, ngati kuti tikuuza atsikana kuti aonde. Ayi ndithu. Thupi la mkazi kuno silipuma pakamwa pa anthu. Ukanenepa, azakhali akuti ukusungidwa bwino, anzako a pa Instagram akuti wadzitaya. Ukatsika pang'ono, apaneba ayamba kunong'onezana kuti kodi akudwala? Sitingawakondweretse onse, ndipo si ntchito yathu. Chimene chikutikhudza n'chakuti kafukufuku yemwe uja anapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu alionse anali wonenepa kupyola muyeso woyenera, ndipo m'tauni chiwerengerocho chinali chokwera kuposa kumudzi. Kunenepa kotere kumayenda limodzi ndi BP ndi matenda a shuga, omwe tawaona akuvutitsa amayi athu ndi azakhali athu, mwezi uliwonse pamzere wa mankhwala. Tikufuna mphamvu zogwirira ntchito lero, ndi thupi loti lidzatinyamulebe tikadzafika zaka 60. Saizi ya diresi ndi nkhani ya mwini wake.

Chomaliza n'chimene chimavuta kuposa zonse: mphindi 10 zokhala pansi n'kudya. Tinakula tikuona amayi athu akugawira aliyense, iwo n'kudya zotsalira mumphika, mwina osadya kumene. Ifenso tatengera osadziwa. Koma m'nyumba mmene muli anthu akuluakulu awiri kapena atatu, palibe chifukwa choti mmodzi yekha asonkhe moto, asite, asambitse mwana, apakule, kenako atuluke ndi njala. Abambo a m'nyumba angathe kusita. Achimwene angathe kuwiritsa mazira, dzira silifunsa kuti waliika pamoto ndani. Mwana wa Sitandade 6 angathe kudzipukutira nsapato. Pogawa chakudya m'mawa, mbale yathu iikidwe limodzi ndi za ena, osati pamapeto.

Akuluakulu anati mmera m'poyamba, ndipo tsiku nalonso limayambira m'mbale ya m'mawa. Usiku uno tikaphula nsima, moto usazime chabe. Tiikepo mbatata ziwiri, tiike dzira pafupi ndi mbaula, chipatso chilowe m'chikwama. Mawa tidye kaye, kenako tikalimbirane minibasi. Ndipo mnzathu uja amatuluka m'nyumba ndi tiyi yekha, timunyamulireko mbatata imodzi.