Maphunziro a dokotala wanu amalipira ndani?



Lero tikambe nkhani imene imayambira m'mahotela, kutali ndi mzere wa kuchipatala, koma imathera m'thupi mwa ife odwala.

Dokotala samaliza kuphunzira. Mankhwala atsopano amatuluka, matenda amasintha. N'chifukwa chake bungwe la Medical Council of Malawi limafuna kuti madokotala azipeza mapointi a maphunziro otchedwa CPD kuti apitirize kugwira ntchito. Anamwino nawonso ali ndi dongosolo lotere ku bungwe lawo. Lamuloli ndi labwino. Funso lathu ndi ili: holo, nkhomaliro, alawansi ndi wodzaphunzitsayo, amalipira ndani? Akakhala kuti ndi kampani yogulitsa mankhwala, kalasi ija imasanduka msika.

Taonani zimene zinachitika ku America. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa OxyContin, mankhwala amphamvu opha ululu a m'gulu la morphine. Pofika 2001 inali itachititsa misonkhano yoposa 40 m'malo achisangalalo ku Florida, Arizona ndi California. Madokotala, anamwino ndi ogulitsa mankhwala oposa 5,000 anapitako, ulendo ndi malo ogona zonse zaulere. Pofika 2002 inali italipirira maphunziro okhudza ululu oposa 20,000. Uthenga unali umodzi basi: musaope kulembera odwala, mankhwalawa sakola munthu wamba.

Linali bodza. Mu 2007 kampaniyi inavomera mlandu wonamiza anthu ndipo inalipira ndalama zoposa madola 600 miliyoni. Mu 2020 inavomeranso milandu ina. Pakati pa 1999 ndi 2020 anthu oposa 500,000 ku America anafa chifukwa chopyola muyeso wa mankhwala a mtundu umenewu. Si onse anaphedwa ndi OxyContin, koma moto unakolera pamenepo.

Madokotala ambiri aja sanali akuba ayi. Ankakhulupirira kuti akuphunzira sayansi. Nyambo yake ndi imeneyo: wotsatsa malonda pawailesi umamudziwa, koma akavala gauni yoyera n'kuima kutsogolo ndi ma slide, umangolemba notsi.

America inadzidzimuka mochedwa. Mu 2010 anakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani kuulula ndalama ndi mphatso zimene amapereka kwa madokotala, ndipo lero aliyense angathe kufufuza dzina la dokotala wake pa intaneti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno malipiro a azaumoyo ndi ochepa, ndiye alawansi ya tsiku limodzi si nkhani yamasewera.

Sitikulimbana ndi madokotala athu. Tikupempha zinthu zitatu:

1. Maphunziro aliwonse opereka mapointi a CPD aziulula amene walipira, komanso ndalama zake.
2. Wophunzitsa azinena poyera ngati amalandira kanthu ku kampani ya mankhwala.
3. Boma liike ndalama ya maphunzirowa mu bajeti ya zaumoyo, kuti dokotala asamadalire wamalonda.

Inunso mukalemberedwa mankhwala odula, funsani mwaulemu: "Adokotala, kodi alipo ena otsika mtengo ogwira ntchito yomweyi?" Kufunsa si mwano. Thupi ndi lanu, ndalama ndi yanu.

Tumizani uthengawu kwa anzanu, makamaka amene akuphunzira udokotala ndi unamwino.