Mtima ukalema, pemphero ndi chipatala ziyendere limodzi

Omvera athu ku Nkopola ndi konse m'mbali mwa nyanja, Mkhristu nayenso amadwala matenda a kukhumudwa: tulo osabwera, nsima osaifuna, mpaka kuganiza zodzipha. Kumeneku si kuchepa kwa chikhulupiriro ayi. Pa 1 Mafumu 19, mneneri Eliya adapempha imfa, ndipo Mulungu adayamba wamupatsa chakudya ndi mpumulo.

Kaya ndi ngongole, kaya usodzi sukuyenda, musasunge mumtima nokha. Uzani abusa kapena m'bale lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala cha boma cha Mangochi. Matendawa ali ndi chithandizo, ndipo ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matenda a maganizo.

Inu akumpingo, mvetserani mosaweruza. Wovutikayo musamusiye yekha, mupemphere naye, kenaka mumuperekeze kwa dokotala.