Mlandu Suli pa Galu

Mwezi uno tikambirane za ciweto cimene cimagona pa khomo pathu, cimatilondera usiku, ndiponso cimaperekeza anyamata athu ku uzimba. Pa ziweto zonse palibe cina cokhulupirira munthu monga galu. Mungamkalipire lero, mawa adzakucingamirani pa njira akugwedeza mcira. Kukhulupirika kumeneku ndiko kumene anthu ena anakusandutsa malonda, pomenyanitsa agalu kuti azichova njuga pa magazi ao. Maiko ambiri analetsa kale mcitidwe umenewu, koma sunathe ai. Tiyeni tione cimene cimausunga, ndi cimene cingauthetse.

Tisaganize kuti tilikukamba za agalu awiri amene akumana pa mphambano nalimbirana fupa. Iyi ndi nkhondo yokonzekera miyezi yambiri. Galu, kawiri-kawiri wa mtundu wa pit bull, amamangidwa ndi unyolo wolemera, pamalo poti aziona anzake koma osawafika. Amamthamangitsa pa makina kuti alimbe mpweya, amambaya mankhwala okulitsa minofu, ndipo ambiri amawadula makutu kuti mdani asapeze pogwira. Tsiku likafika, agalu awiri amayesedwa pa sikelo, nasambitsidwa poopa kuti wina wapaka galu wake mankhwala pa ubweya, kenaka amaikidwa m'kabwalo kochinga ndi matabwa. Nkhondoyo itha kutenga ola limodzi, nthawi zina kupitirira. Wovulala sapita naye kwa dotolo wa ziweto, pakuti zilonda zake zingaulule mwini wake. Motero ambiri amafa patapita maola kapena masiku cifukwa ca kutaya magazi ndi zilonda zotukusira. Wogonja nthawi zambiri amaphedwa, ati wacititsa mbuye wake manyazi ndi kumtayitsa ndalama.

Coipa cimeneci ndi cakale. Ku Britain anthu ankasonkhana kuonerera agalu akuluma ng'ombe zamphongo ndi zimbalangondo zomangidwa pa mtengo, mpaka nyumba ya malamulo inaletsa masewera otere m'caka ca 1835. Koma ng'ombe imafuna bwalo lalikulu loonekera kwa onse, pamene agalu awiri amakwana m'kacipinda ka kuseri kwa nyumba ya mowa. Cotero okonda magazi anasiya ng'ombe nalimbikira kumenyanitsa agalu mobisa, ndipo mwambowo unaoloka nyanja kukafika ku America. Apa tiphunzirapo kuti lamulo lolembedwa pa pepala, palokha, limangosamutsa coipa kucoka pa bwalo kupita kuseri.

Mlandu umene unatsegula maso a anthu ambiri unacitika ku America m'caka ca 2007. Michael Vick anali katswiri wa mpira wa kumeneko, wosewerera timu ya Atlanta Falcons, mnyamata wochuka amene ankalandira mamiliyoni a madola. Mu April caka cimeneco apolisi analowa pa malo ake ku Surry County, m'cigawo ca Virginia, napeza agalu omenyanitsa oposa 50, ambiri ali ndi zipsera, pamodzi ndi zida zowaphunzitsira nkhondo. M'khoti munamveka kuti agalu amene sanaonetse ukali ankaphedwa mwa kupacikidwa ndi cingwe kapena kumizidwa m'madzi. Vick anavomera mlandu, ndipo mu December woweruza anamlamula kukhala m'ndende miyezi 23. Taonani kuti munthu ameneyu sanali wosauka kapena wanjala. Amene amati nkhanza zotere zimadza ndi umphawi cabe, ayankhe za iyeyu.

Koma cimene tifuna kuti musunge mumtima ndi zimene zinacitikira agaluwo. Kufikira nthawi imeneyo, agalu olandidwa kwa omenyanitsa kawiri-kawiri ankangophedwa, poganiza kuti sangasinthenso. Pa mlandu uwu khoti linalola kuti akatswiri ayese galu aliyense payekha, ndipo Vick analipira madola pafupifupi miliyoni imodzi yowasamalira. Agalu 47 anapulumuka. Bungwe la Best Friends Animal Society, la ku Utah, linatenga 22 amene anali ovuta koposa. Osamalira anapeza kuti bvuto la ambiri silinali ukali koma mantha: ankagona pansi akaona munthu. Patapita nthawi ambiri anakakhala m'mabanja, ena mpaka anaphunzira kuyendera odwala m'zipatala ndi kukhala pambali pa ana ophunzira kuwerenga. Umboni woposa uwu tingaupeze kuti? Mlandu sunali pa galu, unali pa munthu wogwira unyolo.

Nanga ngati mlandu uli pa munthu, ndi munthu uti? Poyamba malamulo ankalanga mwini galu ndi wokonza nkhondo. M'caka ca 2007 boma la America linakhwimitsa cilango cao, ndipo pofika 2008 kumenyanitsa agalu kunali mlandu waukulu m'zigawo zonse 50 za dzikolo. Ngakhale zinatero, mu August 2013 apolisi analanda agalu 367 m'zigawo za Alabama, Georgia ndi Mississippi, pamodzi ndi madola oposa 500,000. Ndalama zonsezi zinacokera kuti? Zinacokera m'matumba a oonerera, amene amalipira pa khomo ndi kuchova njuga. Ndiponso apolisi akafika, mwini galu amataya cingwe nalowa m'gulu, aliyense nkumati, ine ndinangobwera kudzaona. Ncifukwa cake mu 2014 anakhazikitsa lamulo lakuti kungopezeka pa nkhondo yotere ndi mlandu wa caka cimodzi m'ndende, ndipo wobwera ndi mwana wosakwana zaka 16 angathe kukhala zaka zitatu. Vick mwini wake, atatuluka m'ndende, anapita ku Washington kukapempha aphungu kuti avomereze lamulo lotere, ndipo ankayendera acinyamata kuwacenjeza. Ngakhale wogwa atha kudzuka nathandiza kukonza cimene anaononga.

Ife makolo tiime pang'ono pa nkhani ya anayi. Mwana mwacibadwa amamva cisoni akaona kagalu kakulira. Akaima pakati pa akulu-akulu amene akuomba m'manja pamene magazi akutuluka, amaphunzira kuti cisoni ndi ufooko, ndipo kuti wamphamvu ali ndi ufulu pa wofooka. Phunziro limeneli silithera pa galu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, wa m'caka ca 1992, amatilola kuweta nyama, kuzidya ndi kuzigwiritsa nchito, koma amaphunzitsa kuti kuzizunza kapena kuzipha popanda cifukwa kumatsitsa ulemu wa munthu mwini wake. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, anatikumbutsanso kuti mtima umene umazunza ciweto ndi womwewo umene timakhala nao pakati pa anthu anzathu. Dzanja lozolowera kukwapula galu silicedwa kupeza mkazi ndi ana. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba.

Wina angati izi ndi za kutsidya kwa nyanja. Koma ku South Africa, kumene ana athu ambiri amapita kukafuna nchito, bungwe la NSPCA lakhala likulimbana ndi magulu omenyanitsa agalu kwa zaka zambiri. Mu November 2013 ku Tsakane, kum'mawa kwa Johannesburg, anagwira amuna 18 pa nkhondo yotere napulumutsa agalu 14. Lamulo la dziko limenelo loteteza nyama limalanganso oonerera. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Mbeu ya coipaci tili nayo kale pakati pathu. Agalu akayambana pa mseu, anyamata amathamangirako, osati kukaleretsa koma kukasonkhezera, nayamba kunyadira kuti wanga ndiye ngwazi. Ena mwa ife, pofuna mlonda waukali, timatsekera galu m'kabokosi ka malata dzuwa lonse, popanda madzi, ena mpaka kumdyetsa tsabola kapena camba. Galu wotere akadula unyolo sasankha pakati pa mbala ndi mwana wa mnansi wopita ku sukulu. Pa zonsezi pangotsala cinthu cimodzi kuti malonda ayambe: munthu woika ndalama pansi.

Tsono ticite ciani? Coyamba, tisakhale oonerera, ngakhale pa foni. Zithunzi za agalu omenyana zikafika pa WhatsApp kapena pa Facebook, tisazitumize kwa ena, pakuti wotumiza ali ngati woitanira anthu ku bwalo. Caciwiri, tidziwe zizindikiro: agalu ambiri omangidwa motalikirana ndi maunyolo olemera, zipsera pa nkhope, pa cifuwa ndi pa miyendo yakutsogolo, ndi anthu osonkhana usiku kuseri kwa mpanda. Dziko lathu la Zambia lili ndi lamulo loletsa kucitira nkhanza nyama; tikaona zotere tiuze apolisi kapena a ofesi ya ziweto m'boma lathu, osapita tokha kukayambana ndi eni ake. Cacitatu, m'miphakati mwathu ndi m'makalasi a katekisimu tikambe za nkhaniyi ndi ana. Ndipo pa khomo, mwana amene mwampatsa galu mpatseninso udindo: aziona kuti madzi alipo, mthunzi ulipo, ndi kuti katemera wa ciwewe wabayidwa caka ndi caka. Mwana amene waphunzira kumwetsa galu madzi sadzaima m'gulu la oomba m'manja.