Kamera ya kaloba siijambula yokha

Mu Ogasiti caka catha msuweni wanga anakwatiwa pa chechi ina ku Matero. Wojambula zithunzi anali mnyamata amene n'namuphunzitsa mu giledi 12 zaka zitatu zapitazo. Anafika atavala vesiti ya matumba-matumba, kamera yakuda ili lende pakhosi, yatsopano, kapulasitiki kakali pa sikilini. Ataniona anaikweza m'mwamba ngati kapu ya mpila. "Aphunzitsi, aya ni makina," anatelo. "Amacita zonse okha."

Zithunzi zinabwela patapita milungu iwili. Dilesi ya mkwatibwi, imene tonse tinaiona yoyela mbee, inatuluka yotuwa ngati phulusa, nkhope yake ili bii. Pa kuvekana mphete, manja anali ngati utsi. Agogo athu anabwela pa basi kucokela ku Katete, ndipo tsiku limenelo anavina ngakhale kuti mawondo anali kuwavuta. Mu Januwale anatisiya. Cithunzi cawo cothela cimene tili naco ni mtambo wovala citenge.

Mnyamatayo sinimuchula dzina, cifukwa mkwiyo wanga suli pa iye. Kamera ija anaigula na ndalama za kaloba, ndipo mpaka lelo akali kubweza. Cimene caniputa ni bodza limene linamukankhila mu nkhongole imeneyo, bodza limene lafala m'makomboni mwathu ngati cimfine ca mu Juni, lakuti ukangogula DSLR yodula ndiye kuti wakhala wojambula. Inu anyamata na atsikana a ku Chawama, Kanyama, Mtendere na kwina konse, amene mumagona mukuyang'ana mitengo ya makamera pa foni, nimvetseleni musanasaine pepala la kaloba.

Tiyambe na cimene cinacitika mu chechi muja. Kamera imalemba manambala mkati mwa cithunzi ciliconse, ndiye n'nakawayang'ana pa kompyuta. Mnyamata anaika kamera pa Auto tsiku lonse. Abusa analetsa fulashi, mu chechi munali kamdima, ndipo lenzi yake inali ija imabwela pamodzi na kamera, ya 18-55mm, imene ukaikoka mpaka kumapeto imatseguka kufika pa f/5.6 cabe. Kuwala kutacepa, kamera inacedwetsa shata mpaka 1/15 ya sekondi. Pa liwilo limenelo munthu akasuntha dzanja, dzanjalo limasanduka utsi. Nanga nkhope yakuda bii? Kamera ikapima kuwala imayesa kuti dziko lonse ni lotuwa pakati-kati. Ikaona dilesi yoyela yadzaza cithunzi, imaganiza kuti kwawala kwambili, ndiye imacepetsa kuwala. Dilesi imatuwa, nkhope imalowa mu mdima. Mankhwala ake ni kabatani kolembedwa + na -, kuonjezela kuwala sitepu imodzi, kapena kuuza kamera kuti ipime pa nkhope. Nchito ya masekondi atatu. Koma kamera siidziwa kuti pa tsikulo cofunika ni nkhope ya mkwatibwi. Wodziwa zimenezo ni munthu.

Ndipo musaganize kuti makina awa anapangidwa na khungu lathu m'maganizo. Ku America, kwa zaka zambili, kampani ya Kodak inali kupatsa otsuka zithunzi khadi lopimila mitundu lokhala na nkhope ya mkazi wacizungu, limene anthu analicha Shirley. Makamera a lelo apita patsogolo kwambili, n'zoona, koma wojambula munthu wakuda atavala zoyela pa dzuwa la mu Okutobala afunika kulamulila kuwala yekha.

Zinthu zofunika kuzidziwa ni zitatu cabe, ndipo mwana wa giledi 8 angazimvetse. Coyamba ni kukula kwa kabowo kolowela kuwala mu lenzi. Nambala ikakhala yaing'ono, monga f/1.8, bowo ni lalikulu, kuwala kumalowa kwambili ndipo kumbuyo kwa munthu kumafewa. Caciwili ni liwilo la shata. Anthu oimilila afuna 1/125, ovina afuna 1/500. Cacitatu ni ISO. Ukaikweza umajambula mu mdima, koma cithunzi cimakhala na timicenga. Timicenga tingakhululukidwe, utsi sungakonzeke. Mnyamata uja akanakweza ISO kufika pa 3200, agogo tikanawaona.

Manje tikambe za kusankha. M'sitolo adzakuuzani za ma megapixel, cifukwa ni nambala yosavuta kugulitsila. Cithunzi ca mainchesi 6 kwa 4, cija timaika mu alubamu, cifuna madontho 1800 kwa 1200, kutanthauza ma megapixel awili na kacidutswa. Canon 600D ya mu 2011 ili na 18. Nikon D3200 ya mu 2012 ili na 24. Ndipo zithunzi zanu zambili zidzathela pa WhatsApp na Facebook, kumene amazifinya mpaka zicepe. Nanga mukongolelanji ndalama kuti mugule madontho amene palibe adzawaona?

Pali cina cimene wogulitsa sangakuuzeni. Mu 2018 Canon na Nikon anatulutsa makamera awo aakulu opanda kagalasi ka mkati, a EOS R na Z, ndipo kucokela nthawi imeneyo mphamvu zawo zambili zapita kumeneko. Akatswili a kunja akugulitsa ma DSLR awo na malenzi ake, ndipo mitengo ya zogwilitsidwako nchito yatsika. Kwa ise uwu ni mwayi. Canon 5D Mark II ya mu 2008 na Nikon D750 ya mu 2014 zinajambula maukwati ambili-mbili pa dziko lonse, ndipo sizinaiwale nchito yake. Timavala salaula mosacita manyazi, nanga kamera ya salaula yatilakwila ciani?

Gulani kamera yakale, ndalama yotsala muike pa lenzi. Lenzi ya 50mm f/1.8, kapena ya 35mm f/1.8 ngati sensa ya kamera yanu ni yaing'ono, ili m'gulu la malenzi ochipa kwambili, koma imalowetsa kuwala kowilikiza pafupi-fupi ka 10 poyelekeza na f/5.6. Mu chechi muja 1/15 ikanakhala pafupi na 1/150, pa kamera imodzi-modziyo.

Koma salaula imafuna maso, pakuti cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Pitani na memole khadi yanu. Funsani kuti shata yalila kangati, cifukwa nayo imakalamba. Ya 5D Mark II na ya D750 anazipangila kulila ka 150,000. Makamera a Nikon amalemba nambala imeneyo mu cithunzi momwemo, ndipo mungaione pa intaneti. Unikani mkati mwa lenzi na tochi ya foni. Mukaona tumizele ngati ukonde wa kangaude, imeneyo ni nkhungu ya cinyezi, isiyeni. Jambulani cipupa coyela pa f/16 kuti muone fumbi la pa sensa. Ngati ni Nikon ya m'gulu la D3000 kapena D5000, dziwani kuti ilibe mota yoyendetsa malenzi akale, ifuna olembedwa AF-S kuti iziika fokasi yokha. Wogulitsa akakhala alibe chaja, alibe lisiti, ndipo akufulumizitsani, dzifunseni kuti kamerayo anaicotsa pakhosi pa ndani. Mugulenso batile yaciwili, cifukwa malaiti masiku ano sapangana na munthu. Ndipo ngati mufuna kujambula maukwati, funani kamera yolowa makhadi awili, monga D750 kapena 5D Mark III. Khadi imodzi ikafa, ukwati subwelezedwa.

Nidziwa yankho lanu, cifukwa ana a sukulu amanipatsa lomwelo. "Aphunzitsi, kasitoma afuna kuona kamera yaikulu. Ukabwela na kanthu kakang'ono, sakulipila." Pamenepo pali coonadi, sinikana. Pa kicheni pate anthu amapima wojambula na maso. Koma DSLR ya mu 2011 ni yakuda komanso yaikulu mofanana na ya caka cino, ndipo palibe nacimbusa amene adzakufunsani caka cimene inapangidwa. Kukula kwa kamera kungakupezeleni nchito yoyamba. Yaciwili imabwela na zithunzi. M'banja mwathu mwacitika maukwati ena awili kucokela tsiku lija, ndipo mnyamata uja sanaitanidwe olo kumodzi.

Ena amati foni ni yokwanila, kamera ni ya ciani? Masana, pa munthu woimilila, foni yabwino imacita zodabwitsa. Mu holo yamdima, anthu akuvina, sensa yaikulu na lenzi yotseguka zikali patsogolo. Koma foni ni sukulu yaulele. Imakuphunzitsani poimilila, kumene kuwala kukucokela, na nthawi yodina. Amene sangajambule amayi ake bwino pa foni, DSLR idzangokulitsa zolakwa zake.

Seydou Keïta wa ku Bamako anayamba na Kodak Brownie, kabokosi wamba, kamene anapatsidwa mu 1935. Malick Sidibé, wa mzinda womwewo, anali kuzungulila m'madansi a acinyamata usiku na kamera ya filimu na fulashi, ndipo mu 2007 analandila mphoto ya Golden Lion ku Venice. Kuno kwathu a Alick Phiri anajambula anthu a mu Lusaka kwa zaka zambili, ndipo situdiyo yawo inali ku Kanyama. Anthu amenewa analibe sikilini yoonelapo cithunzi akangodina. Anali kudziwa kuwala, anali kudziwa anthu awo, ndipo anali kudikila. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Conco musanalandile ngwee ya munthu, cotsani kamera pa Auto. Yambani na A kapena Av, kumene inu mumasankha bowo, kamera n'kusankha liwilo, kenako mupite pa M. Jambulani mng'ono wanu pa khomo m'mawa, masana na madzulo, muone mmene nkhope isinthila. Loŵani mu chechi yanu pakati pa mlungu, mupime mdima wake. Pitani pa msika, mupemphe cilolezo, mujambule amayi a tomato. Pezani wojambula amene wakhalitsa pa nchito, mumunyamulile cola miyezi itatu, muziyang'ana kumene amaimilila. Zonsezi sizifuna kaloba.

Mnyamata uja anabwela kunyumba mwezi watha, kamera ili m'cola, osati pakhosi. Anafunsa ngati aigulitse kuti atsilize nkhongole. N'namuonetsa cithunzi ca agogo, n'kumufunsa cimene cinalakwika. Anayang'ana manambala nthawi yaitali, ndiye anati, "Shata, aphunzitsi." N'namuuza kuti asagulitse, n'kumubweleka lenzi yanga ya 35mm mpaka Disembala. Inu amene mukalibe kusaina, funso limenelo muliyankhe lelo, ndalama zikali m'thumba mwa mwini wake.